ZA PABENCHI: Chometera chokhota mutu, nzeru kapena njira yotidyera?

 Sabata ino tikambirane za katundu wochepetsetsa pabenchi panu, koma amene amayenda tsiku ndi tsiku, kaya ndi kumapeto kwa mwezi, kaya ndi pakati pa Januwale pamene ndalama imabisala: lezala ndi chometera chake.

Inu amene mumagulitsa zimenezi mukudziwa kuti mapaketi onse amalonjeza chimodzimodzi. Pamakhala chithunzi cha bambo wa chibwano chosalala ngati botolo, akumwetulira ngati walandira bonasi. Tsono kunjaku kwatchukanso mtundu wina wa chometera, ndipo mukudziwa kuti katundu akatchuka kunja sachedwa kutera m'mashopu momwe mumakapikula. Chimenechi mutu wake ndi wokhota. Ukachiona koyamba umangoti chidapondedwa ndi minibasi, kapena amene adachiumba adali atalawa kachasu. Koma ayi, adachita kuchikhotetsa dala. Azungu amachitcha slant, ndipo ochitamanda amati chimameta mpaka pamuzu.

Funso ndi lakuti, kodi kukhota mutuko kumasalalitsadi chibwano kuposa chometera wamba? Funsoli si la anthu a ndevu okha. Ndi lanunso amene mudzatulutse mpamba kukachipikula, komanso amene kasitomala adzakubwerereni tsaya lili mabala okhaokha n'kumati mudamunamiza. Yankho ndilinena poyambirira pomwe, kuti amene muli ndi makasitomala pamzere musavutike. Kukhotako kumafewetsa kametedwe, koma sikutsitsa lezala kupitirira pamene khungu layambira. Ndipo kwa ambiri a ife a ndevu zopotana, kuthamangira kusalala kwa botolo kuja ndiye gwero la mavuto. Tsopano tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Chometera cha agogo

Tiyambe ndi chometera wamba, chija chomasula mpini n'kuikamo lezala la mbali ziwiri. Chili ndi zigawo zitatu: mpini, chivindikiro cha pamwamba, ndi kambale ka pansi komwe kali ndi kampanda kotsogolera lezala kuti lisalowe m'mnofu. Lezala lenilenilo ndi lopyapyala zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, moti palokha limangopindika ngati tsamba. Mukamanga mpini, chivindikiro chimalipana ndi kulipinda pang'ono kuti lilimbe, ndipo mbali yakuthwa imakumana ndi khungu itapendekeka pafupifupi madigiri 30.

Amene adatchukitsa nzeru imeneyi ndi King Camp Gillette wa ku America. Dzina lakuti King lisakupusitseni, mkuluyu sadali mfumu, adali woyendayenda ndi malonda ngati inu nomwe. Chaka choyamba cha geni yake, mu 1903, adagulitsa zometera 51 zokha ndi malezala 168. Ena mwa inu mukadatseka benchi n'kubwerera kumudzi kukalima. Iye adapirira. Mu 1904 boma la kwawo lidamupatsa chikalata cha umwini wa nzeruyo, ndipo chaka chomwecho zometera zogulidwa zidapitirira 90,000. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a America adagawiridwa zometera zake mamiliyoni, ndipo pobwerera kwawo adapita nacho chizolowezicho. Lero, kaya ndi Nacet, kaya ndi Minora, kaya ndi Super-Max, malezala onsewa amalowa m'chometera chimodzi chifukwa muyezo wake ndi wofanana.

Pa chometera chimenechi mbali yakuthwa imagona mopingasa ndendende ndi kumene dzanja likulowera. Mukakoka kutsika tsaya, lezala limagunda ndevu maso ndi maso, ngati nkhwangwa pachipika. Kudula kwake n'kokankha basi.

Chokhota mutu chija chidabwera kudzasintha pamenepa. Mutu wake adaupanga kuti nsonga imodzi ya lezala itsogole, inayo itsalire, ndiye ngakhale dzanja likutsika molunjika, lezala limafika pandevu chammbali. Zilipo za mitundu iwiri. Zina amangopendeketsa mutu wonse pampini, lezala n'kukhala monga mwa masiku onse. Zina amapotola mutuwo monga mmene mayi amafinyira chovala kudambo, moti lezala likamangidwa nalonso limapotoka.

Si za dzulo izi ayi. Makampani a ku Germany adali akupanga kale zometera zotere m'zaka za m'ma 1930. Chotchuka kwambiri mpaka lero ndi Merkur 37C cha ku Solingen, mzinda wa ku Germany komweko umene umadziwika ndi mipeni, masizasi ndi malumo. Ku Italy kampani ya Fatip ili ndi chake chimene idangochitcha Lo Storto, kutanthauza kuti chokhota. Ku India a Parker ali ndi chawo chokhota pang'ono chabe.

Funsani mayi wa tomato

Nzeru yake simusowa kukwera ndege kuti muimvetse, ili pamsika pomwepa. Tengani mpeni, muuike pa tomato wakupsa n'kudinikiza. Tomatoyo aphwanyika, madzi thoo, khungu lake osadukabe. Mpeni womwewo muukoke pang'ono uku mukudinikiza, walowa wopanda phokoso. Wa butchala akamadula nyama amacheka. Wogulitsa nzimbe satema molunjika, amagwetsa chikwanje chammbali, kamodzi kokha nzimbe yaduka. Kalipentala naye akafika pathabwa la mfundo amakhotetsa chopalira chake kuti chisakakamire.

Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, chinthu chakuthwa chikamatsetsereka chammbali uku chikulowa, mphamvu yofunika kuchikankha imachepa. Chachiwiri, taganizani za msewu wokwera phiri la Zomba. Sulunjika pamwamba, umayenda chokhotakhota, ndipo chitunda chomwecho chimasanduka chofatsa. Mbali yakuthwa ya lezala nayo ndi kachitunda kakang'ono. Ndevu ikakakwera chammbali imakapeza kopyapyala kuposa mmene kalili, ndiye kuti lezala lomwelo limakhala ngati lathwerako.

Anthu a ku France adazidziwa zimenezi pa nkhani yoopsa. Makina awo odulira mitu ya anthu oweruzidwa kuphedwa, otchedwa guillotine, adayamba ntchito mu 1792 ndipo mutu womaliza adaudula mu 1977. Mpeni wake udali wopendekeka dala kuti uzicheka potsika. Otsatsa zometera zokhota amachikonda kwabasi chitsanzo chimenechi. Koma apa ndi pamene ine ndikuti tidekhe, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpeni wa guillotine udapendekeka kwambiri, pafupifupi madigiri 45. Pa kupendekeka kotero, kucheka ndi kukankha zimalingana. Chometera sichingayerekeze n'komwe. Chitatero bwenzi chikusenda tsaya ngati mbatata. Kupendekeka kwake n'kochepa, madigiri owerengeka chabe. Tiyerekeze kuti ndi 5. Masamu a ku sekondale akutiuza kuti dzanja likatsika masentimita 10, kutsetsereka kwa chammbali sikukwana ngakhale sentimita imodzi, ndipo kachitunda kaja kamafatsa ndi zosakwana gawo limodzi pa 100. Phindu lilipo ndithu, koma la m'makobidi.

Ambiri ozigwiritsa ntchito amati chimene chimathandiza koposa ndi kupotola kuja. Tengani kachidutswa ka lata, muone mmene kamagwederera. Mukakapotola pang'ono kamauma gwa. Lezala lomangidwa mopotoka nalo siligwedera likakumana ndi ndevu zolimba, ndipo lezala losagwedera silidumphadumpha kapena kuzula.

Ndiye chimene chokhota mutu chimapereka ndi ichi: kukoka kumachepa, ndevu zimaduka mosakakamiza, ndipo bambo wa ndevu ngati waya amene amapala malo amodzi kanayi atha kumaliza kawiri. Kubwereza kukachepa, khungu nalo silipsa kwambiri. Umenewo ndi ubwino weniweni ndipo sindikuuchepetsa. Koma ndevu ikaduka polekezera khungu, yaduka basi. Kapinga mukamutchetcha, kaya chammbali kaya molunjika, kutalika kwa zitsa kumadalira pamene mwatsitsira chikwakwa.

Nanga kusalala kumachokera kuti?

Choyamba ndi mpata wa pakati pa lezala ndi kampanda kaja, ndiponso mmene mbali yakuthwa yatulukira kunja. Mpata ukakula, khungu limatumphukira m'menemo, lezala limadya pafupi, ndipo magazi nawo amakhala pafupi. Mpata ukachepa, chometera chimakhala chofatsa koma chimasiya zitsa. Kusiyana kwake n'kwa tizigawo ta milimita, maso sangakuone msanga, koma tsaya limakumva. N'chifukwa chake a Gillette, atafuna kupatsa munthu mphamvu yosankha kametedwe, mu 1958 adatulutsa chometera cha kagudumu ka manambala 1 mpaka 9. Kagudumuko kamasintha mpata, osati kukhota. Choncho mukamva wina akulumbira kuti chokhota chake chimameta pafupi, kawirikawiri chimene akutamanda ndi mpata wake, iye osadziwa. Zokhota zilipo zaukali, zilipo zofatsa, chimodzimodzi zowongoka.

Chachiwiri ndi kagwiridwe. Ikani chivindikiro patsaya, mpini utaloza kunja, kenako tsitsani mpiniwo pang'onopang'ono mpaka mumve lezala layamba kugwira ndevu. Imani pomwepo. Mukatsitsa kupitirira apo, lezala limasiya kudula n'kuyamba kupala khungu ngati mukupala mamba a chambo. Ndipo musadinikize. Kulemera kwa chometera chachitsulo n'kokwanira. Anthu ambiri amene adazolowera zapulasitiki zotaya zija amadinikiza, ndiye akagwira chachitsulo tsiku loyamba amatuluka m'bafa ngati achokera kunkhondo.

Chachitatu ndi lezala lenilenilo. Kale malezala adali kuchita dzimbiri usiku umodzi, mpaka mu 1962 pamene kampani ya Wilkinson Sword ya ku Britain idatchukitsa a chitsulo chosachita dzimbiri. Amakono amapakidwanso mankhwala oterera kumbali yakuthwa. Komabe amabuntha. Mu 2020 akatswiri a ku sukulu ya MIT ku America adayang'ana nkhaniyi ndi makina okulitsa zinthu, ndipo adapeza kuti tsitsi, ngakhale ndi lofewa ka 50 poyerekeza ndi chitsulo, limabenthula tizidutswa kumbali yakuthwa. Lezala lakale limakhala ndi mano ngati sowo. Ndiye inu achimwene onola lezala m'tambula kapena pa jinzi, tizidutswa tidagwa kale, simungatibwezeretse. Lezala lobuntha, kaya mwaliika m'chokhota cha ku Solingen, lizula basi.

Chachinayi ndi chaulere, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu amachinyoza: madzi. Kafukufuku wina wa mu 1976 adayeza mphamvu yofunika kudula ndevu, napeza kuti ndevu yonyowa imafuna mphamvu yochepa ndi magawo pafupifupi 65 pa 100 poyerekeza ndi youma. Kuti imwe madzi mokwanira imafuna mphindi ziwiri zokha, ndipo madzi akakhala ofunda zimafulumirapo. Tayerekezani nokha. Kukhota mutu kukupatsani kagawo kakang'ono, pamene ndowa ya madzi ofunda ndi sopo ikukupatsani zoposa theka. Bambo amene amadzuka mochedwa, n'kupaka malovu a sopo patsaya louma, n'kupala mothamangira minibasi, vuto lake silili m'chometera.

Chachisanu ndi kumene mukulowera. Ndevu zimamera zitagona, ndipo sizigonera mbali imodzi nkhope yonse. Patsaya zambiri zimaloza pansi, pakhosi zimazungulira mmene zafunira. Kumeta motsatira mmene zagonera kumasiya kachitsa kakang'ono. Kumeta mopingasa kumatsitsako. Kumeta mobwerera, molimbana nazo, ndiko kumabweretsa kusalala kwa pachithunzi kuja. Ndipo apa ndi pamene nkhani yathu yafika pa mnofu.

Ziphuphu za pakhosi

Tayang'anani makosi a abambo m'minibasi m'mawa uliwonse. Mudzaona tiziphuphu ndi mawanga akuda pansi pa chibwano. Ziphuphu zimenezi si zija za m'maofesi, izi bungwe lothana ndi katangale silingazithe. Madokotala a khungu amazitcha pseudofolliculitis barbae, dzina lalitali ngati mzere wa chimanga, koma nkhani yake ndi yachidule.

Ndevu ya munthu wa tsitsi lowongoka imamera n'kuloza kunja. Yathu imamera chopotana ngati sipuling'i. Ikadulidwa ndi lezala, nsonga yake imasongoka ngati singano. Tsono pophuka imakhota, n'kubwerera kudzabaya khungu lomwelo. Choipa kwambiri n'chakuti ikadulidwa mozama, pansi pa khungu, simapeza n'komwe khomo lotulukira, imaboola chammbali m'kati momwemo. Thupi limaiona ngati minga, limatupa, limayabwa, mwina mpaka mafinya. Tsiku lachitatu mwini wake akupalanso pamwamba pa zotupazo. Zikapola zimasiya mawanga, ndipo kwa ena zimasiya zipsera zotupa zimene sizichoka.

Si vuto la anthu ochepa. Ku America, komwe asilikali amayenera kumeta pafupipafupi, akafukufuku osiyanasiyana adapeza kuti pa asilikali akuda 100 alionse, kuyambira 45 mpaka kupitirira 80 amavutika nazo.

Makampani akuluakulu adatha zaka akupikisana pa kusalala. Mu 1971 Gillette adatulutsa Trac II ya malezala awiri, mu 1998 Mach3 ya atatu, mu 2006 Fusion ya asanu. Nzeru yake ndi yakuti lezala loyamba limakoka ndevu kuitulutsa pang'ono, lachiwiri n'kuidula isanabwerere, kenako chitsa chimamira pansi pa khungu. Kwa munthu wa ndevu zowongoka kumeneko ndi kusalala. Kwa ife ndi kudzala minga m'munda mwako momwe.

Mu 2013 mnyamata wina wakuda wa ku America, Tristan Walker, atatopa ndi ziphuphu, adayambitsa kampani yogulitsa chometera chotchedwa Bevel. Mukudziwa chidali chotani? Cha agogo chomwe chija, cha lezala limodzi la mbali ziwiri. Mu 2018 kampani ya Procter & Gamble, eni ake a Gillette, idagula kampani yakeyo. Chaka chomwecho Gillette adatulutsa SkinGuard, chometera chopangidwa dala kuti chisamete mozama. Taonani, anthu omwe adatiuza kuti kusalala ndiye chitukuko adayamba kugulitsa kusasalala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga chokhota mutu chikuima pati pamenepa? Chili ndi lezala limodzi, ndiye sichikoka n'kudula ngati za malezala ambiri zija. Chimadula ndevu zolimba mosavuta, ndiye munthu sabwerezabwereza. Pa zifukwa ziwirizi chitha kuthandiza bambo wa ziphuphu, ngati akumeta motsatira mmene ndevu zagonera, osakoka khungu ndi zala, ndipo akuvomera kuti kachitsa kakang'ono katsale. Koma bambo yemweyo akachigula chifukwa mwamuuza kuti chimafika pamuzu, adzakoka khungu, adzameta mobwerera, adzadinikiza, ndipo pakutha pa sabata khosi lidzakhala ngati chinanazi. Chida chimodzi, zotsatira ziwiri, ndipo chosiyanitsa ndi mawu amene mudamuuza pabenchi.

Amene ziphuphu zamukakamira kale, mankhwala oyamba ndi kusiya lezala pafupifupi mwezi wathunthu kuti ndevu zokodwa zituluke. Pambuyo pake ameteko ndi mashini a magetsi osiya kachitsa ka pafupifupi milimita imodzi. Zikakhala ndi mafinya kapena zikutupirabe, apite kuchipatala. Zopaka mafuta a buleki kapena sipiliti pamabala, chonde abale, nkhope si galimoto.

Kwa inu opikula

Tsopano za geni. Chikakupezani m'shopu yopikulira, musathamangire katoni yathunthu. Tengani zochepa muone kayendedwe. Ndipo yang'anitsitsani, pakuti pali kusiyana pakati pa chometera chokhotetsedwa dala ndi chowongoka chimene chidangopindika pochiumba. Achinyengo sadzachedwa kutenga zolakwika za kufakitale n'kuzibatiza dzina latsopano.

Kayesedwe kake ndi aka. Ikanimo lezala, mumange, muyang'ane mbali imodzi, kenako mutembenuze muyang'ane inayo. Chenicheni chimapendekeka mofanana mbali zonse ziwiri, chivindikiro ndi kambale zimagwirana bwino, ndipo mbali yakuthwa imayenda motsatira mphepete mwa chivindikiro kuchokera uku mpaka uko. Chikakhala kuti mbali imodzi lezala latulukira kwambiri pamene inayo labisala, kapena likugwedera mutamanga, chimenecho ndi chopunduka, chibwezeni. Yesaninso mazinga a mpini. Mitu yambiri ya zometera ndi youmba ndi chitsulo cha zinki chokutidwa zonyezimira pamwamba, ndipo ikagwa pasimenti imathyoka mosavuta. Muuzeni kasitomala zimenezo asanalipire.

Wogula woyenera ndi ndani? Ndi bambo wa ndevu zolimba, amene adazolowera kale chometera chachitsulo, ndipo akudandaula kuti chimamuzula. Mnyamata amene ndevu zangoyamba kumera sachisowa. Amene sadagwirepo chachitsulo ayambe ndi chowongoka chofatsa, dzanja liphunzire kaye. Ndipo amene ali ndi chowongoka kale ndipo chikumukomera, musamunyengerere kuti ataye. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Pomugulitsa muuzeni zinthu zochepa izi. Anyowetse ndevu ndi madzi ofunda mphindi ziwiri kapena zitatu, sopo achite thovu lokwanira. Akoke molunjika, timikoko tifupitifupi, pakuti kucheka kuli kale m'mutu mwa chometeracho. Akawonjezera kwake kotsetsereza chammbali, adzicheka ngati tomato uja. Asadinikize. Lezala likayamba kukoka alitaye, asadikire kuti limulume.

Pa nkhani ya lezala yomweyi, pali china chimene sitingachilumphe. Lezala ndi la munthu mmodzi. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo, ndipo za HIV nonse mukuzidziwa. Bambo ndi mwana wake asabwerekane, anyamata ogona chipinda chimodzi asabwerekane, ndipo wometa pansi pa mtengo atsegule latsopano kasitomala akuona. Lakale likulungidwe bwino lisanatayidwe, poti ana athu amatola chilichonse.

Chomaliza ndi cha m'thumba mwanu. Chometera chachitsulo munthu amagula kamodzi, mwina n'kukhala nacho zaka. Phindu lanu lenileni lili pa lezala, limene amabwera kudzagula sabata ndi sabata. Ubwino wa chokhota mutu n'ngwakuti chimadya malezala omwewo amene ali kale pabenchi panu, sichifuna apadera. Ndiye kasitomala amene mwamuuza zoona lero ndi wanu wa malezala chaka chonse, ndipo pobwera amagulanso sopo, machesi ndi batire. Amene mwamulonjeza chibwano cha pachithunzi mumudya kamodzi kokha, kenako azikapikulitsa mbiri yanu kubawo ndi kutchalitchi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Akakufunsani kuti kodi chokhotachi chimameta kwambiri, yankho loona ndi lalifupi: chimameta mofewa, bwana, kusalala kuli m'madzi, m'lezala ndi m'dzanja lanu, ndipo khosi lanu silifuna kusalala konseko.

Sabata ya mawa tidzakambirana za masikelo, ndi chifukwa chake kilogalamu ya m'mawa ndi ya madzulo sizilingana pa mabenchi ena. Amene mwayamba kale kutuluka thukuta, muli ndi masiku 7 okonza zinthu. Geni ikuyendereni bwino.